Mlendo ndi Mame: Mbiri ya Madokotala a Mafupa Odzipereka ndi Zimene Adatisiyira

Mau Oyamba

Wansembe aliyense amene adayendapo m'midzi ya m'tsinde mwa phiri la Michesi, ku Phalombe, pokapereka masakramenti kwa odwala, adakumanapo ndi anthu onga awiri amene ndifuna kuyamba nawo nkhani ino. Woyamba ndi bambo wachikulire, wa zaka zopitirira 50, amene miyendo yake idafota akali wakhanda. Amayenda chokwawa, manja atawaveka patapata kuti miyala isamcheke, ndipo pa Misa amakhala kukhomo chifukwa kufika kutsogolo nkovuta. Wachiwiri ndi mdzukulu wa mlongo wake, kamnyamata kamene kadagwa mumtengo wa mango nkuthyoka mkono. Adapita nako kuchipatala, adakaika chikhakha, ndipo patangopita masabata 6 kadabwerera kusukulu. Lero kamatumikira pa guwa, kakunyamula buku la Misa ndi mkono womwewo.

Pakati pa ubwana wa gogoyo ndi ubwana wa mdzukuluyo pali zaka zoposa 40, ndipo m'zaka zimenezi muli mbiri imene ambiri a ife sitidaiphunzire ku seminale. Ndi mbiri ya madokotala a mafupa amene adachokera kutali mongodzipereka, ndi ya Amalawi amene iwo adawaphunzitsa. Mfundo yanga ndi imodzi. Makolo adati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Tsono mphatso ya mlendo wodzipereka tisaiyese ndi kuchuluka kwa odwala amene iye adawachiza ndi manja ake, koma ndi manja a eni dziko amene adawasiya akugwira ntchito iye atapita. Ndidzayamba ndafotokoza mbiriyo monga idayendera, kenaka tidzalingalira pamodzi zimene ikutiphunzitsa ife atumiki a Eklezia.

1. Fupa lothyoka m'masiku a makolo

Tisaganize kuti nzeru yolunzitsa mafupa idabwera ndi sitima. Makolo athu ankadziwa kuti fupa lothyoka limadzilunza lokha likaongoledwa ndi kugwidwa kuti lisagwedezeke. Ankamanga mkono kapena mwendo ndi timitengo, nsungwi kapena bango, nkukulunga ndi luzi, ndipo ankathira mankhwala azitsamba, kawirikawiri atatema mphini. Pa fupa lothyokera mkati, khungu lili bwino, njira imeneyi inkathandiza ndithu. Koma fupa likabowola khungu, kapena luzi likamangidwa mothina mpaka magazi kuleka kuyenda, bala linkaola ndipo munthu ankataya chiwalo kapena moyo umene.

Nawonso Azungu a nthawi imeneyo sadali patali kwenikweni. David Livingstone, amene adafika pa nyanja ya Chilwa m'mwezi wa April 1859 naona mapiri a Mulanje, adali dokotala, komabe adayenda moyo wake wonse ndi mkono wakumanzere wosalunzika bwino, umene mkango udauphwanya ku Mabotsa mu 1844. Mtembo wake utafika ku England mu 1874, fupa lomwelo ndilo lidathandiza madokotala kutsimikiza kuti ndi iyeyo.

Dzina la luso limeneli m'Chingerezi, orthopaedics, lidachokera kwa Nicolas Andry, dokotala wa ku Paris, amene mu 1741 adalumikiza mau awiri a Chigriki, oyamba otanthauza "choongoka", achiwiri otanthauza "mwana". Chizindikiro chimene adasankha ndi kamtengo kokhota komangiriridwa ku chikhomo choongoka. Mmalawi aliyense akaona chithunzi chimenechi angoti: kuongola mtengo mpoyamba. Chikhakha chimene tikuchidziwa lerochi adachikonza ndi Antonius Mathijsen, dokotala wa asilikali wa ku Holland, amene adalengeza njira yake mu 1852. Ndi chinthu chotsika mtengo, chosalira magetsi, ndipo mpaka lero ndicho chida chachikulu cha ntchitoyi m'zipatala za m'maboma.

2. Amishoni, zipatala ndi othandiza madokotala

Zipatala zoyamba m'dziko muno zidabwera ndi amishoni, ndipo kuyambira pachiyambi madokotala adali ochepa kwambiri. Nchifukwa chake mishoni za Blantyre ndi Livingstonia zidayamba msanga kuphunzitsa Amalawi kuti akhale othandiza madokotala. Mmodzi wa oyamba adali John Gray Kufa wa mishoni ya Blantyre, amene adatumikirapo pakati pa Alomwe ku Mozambique, ndipo adaphedwa ndi boma la atsamunda mu 1915 potsatira kuukira kwa John Chilembwe. Ndatchula zimenezi kuti tione kuti ganizo lopereka ntchito ya udokotala m'manja mwa munthu wopanda digiri ya udokotala, koma wophunzitsidwa bwino, nlakale m'Malawi.

Kumbali ya Eklezia Katolika padali chopinga china. Malamulo a nthawiyo sankalola anthu a m'zipani za Eklezia kuchita opaleshoni kapena kubereketsa amayi. Anna Dengel, dokotala wa ku Austria, adayambitsa chipani cha Medical Mission Sisters mu 1925, koma adayenera kudikira mpaka 1936, pamene Roma idatulutsa chilangizo cha *Constans ac Sedula* chololeza asisitere kugwira ntchito zonse za chipatala. Asisitere a chipani chimenechi ndiwo adadzatumikira pa chipatala cha Holy Family ku Phalombe, chimene kwa zaka zambiri chidali potsamira pa anthu onse a chigwa chimenechi, ngakhale pamene Phalombe idapatulidwa ku Mulanje nkukhala boma palokha mu 1998.

Komabe ngakhale chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth chitatsegulidwa ku Blantyre mu 1958, ndiponso dziko litalandira ufulu mu 1964, luso la mafupa lidalibe mwini wake. Madokotala a opaleshoni ochepa amene adalipo ankagwira zonse: mimba, zotupa, zilonda za moto, mafupa. Mwana wolumala wa ku Chiringa kapena ku Nkhulambe sankawerengedwa ngati wodwala ayi. Ankangoti ndi mmene adabadwira, kapena adamlodza.

3. Poliyo ndi kubwera kwa odzipereka

Chimene chidatsegula maso a anthu ndi nthenda ya poliyo. Kachilombo kake kamalowa m'thupi kudzera m'madzi kapena chakudya chodetsedwa ndi chimbudzi. Ana ambiri amangomva kutentha thupi nkuchira, koma mwa ana 200 ogwidwa, pafupifupi mmodzi kachilomboko kamamuononga mitsempha ya mumsana imene imalamula minofu. Mwendo umafooka nufota. Choipa china chimadza pambuyo pake: popeza minofu ina yafa pamene ina ikukokabe, ndipo mwanayo akukhalira kukwawa, bondo ndi chiuno zimapindika nkuuma chopindikacho. Katemera adapezeka mu 1955, ndipo wodonthezera m'kamwa adafala zaka zoyambirira za m'ma 1960, koma adachedwa kufika m'midzi mwathu. Gogo uja ndidayamba naye ndi mmodzi wa ana a nthawi imeneyo.

Ku Uganda, dokotala wina wa ku England, Ronald Huckstep, amene ankaphunzitsa ku Makerere, adaonetsa kuti ana otere angathe kuimirira popanda zipangizo zodula. Opaleshoni yaing'ono yomasula minofu youma, chikhakha choongola mwendo pang'onopang'ono, zitsulo zolimbitsa mwendo zosulidwa ndi amisiri a komweko, nsapato zathabwa ndi ndodo ziwiri: zimenezi zinkakwana. Mu 1975 adatulutsa buku lofotokoza njira zimenezi kwa maiko osauka. M'zaka zomwezo madokotala a mafupa a maiko osiyanasiyana adapanga bungwe la World Orthopaedic Concern, lolinga kuphunzitsa luso limeneli m'maiko amene akutukuka kumene.

Kuno kwathu bungwe la Malawi Against Polio, lodziwika ndi dzina lachidule lakuti MAP, lidakhazikitsidwa mu 1979. Antchito ake ankayendera zipatala za m'maboma ndi za mishoni, kuyeza ana, kusankha ofunika opaleshoni, ndi kupereka zitsulo, ndodo ndi njinga za olumala zopangidwa m'dziko mommuno. Madokotala a mafupa ankabwera kuchokera kunja mongodzipereka, mothandizidwa ndi mabungwe onga Rotary. Ankakhala kanthawi, kuchita maopaleshoni, nkubwerera kwao, wina nkubwera. Tiyenera kuwathokoza anthu amenewa mosanyinyirika. Adasiya malipiro aakulu ndi zipatala zokhala ndi zonse, nadzagwira ntchito m'zipinda zotentha, ndi zida zoperewera, pothandiza ana a anthu amene sankadziwa nchilankhulo chao chomwe.

Komatu njira imeneyi idali ndi malire ake. Fupa silisankha tsiku lothyoka. Mwana amene wagwa mumtengo mlendo atangonyamuka sangadikire mlendo wina. Pofika miyezi itatu fupa lalunza kale chokhota. Ndiponso opaleshoni ndi chiyambi chabe cha machiritso: pafunika wina wosintha chikhakha, woyang'ana bala, wokulitsa zitsulo mwana akamakula. Mame amanyowetsa udzu mmawa, koma salowa pansi kufika ku mizu.

4. Chaka cha 1985: kuphunzitsa eni dziko

Amene adaliona bwino vuto limeneli ndi Edward Blair, dokotala wa mafupa wa ku Canada. Iye adazindikira kuti Malawi sangapeze msanga madokotala a mafupa okwanira, popeza pa nthawiyo dziko lidalibe ngakhale sukulu ya udokotala, ndipo kuphunzitsa katswiri mmodzi kumatenga zaka zoposa 10. Koma m'zipatala zonse mudali kale othandiza madokotala, anthu ozolowera odwala, olankhula chilankhulo chao, okhala ndi mabanja m'maboma momwemo. Mu 1985 adayambitsa ku Blantyre maphunziro a miyezi 18 osula anthu amenewa kuti akhale Orthopaedic Clinical Officer, ndiye kuti mkulu wa zachipatala woona za mafupa.

Maphunzirowo adalunjika pa zimene zimafika tsiku ndi tsiku pa chipatala cha boma: kuongola fupa lothyoka ndi kuika chikhakha, kubwezera m'malo chiwalo choguluka, kukoka mwendo wothyoka ntchafu ndi zolemera, kutsuka bala la fupa lotulukira kunja lisanaole, kutulutsa mafinya m'fupa kapena m'mfundo, kudula chiwalo pamene palibenso njira ina yopulumutsira moyo, ndiponso kuzindikira matenda oyenera kutumizidwa ku chipatala chachikulu. Mfundo yotsirizayi njofunika ngati zinazo, pakuti munthu wodziwa malire a nzeru zake ndiye wophunzira weniweni.

Zipatso zake zidalembedwa. Mu 2008 Nyengo Mkandawire, dokotala wa mafupa wachimalawi, pamodzi ndi anzake awiri, adafalitsa chiwerengero ichi: dziko la anthu pafupifupi 13 miliyoni lidali ndi madokotala 266, ndipo mwa iwo a mafupa adali 9 okha. Koma chiyambire 1985 adali ataphunzitsidwa akulu oona za mafupa 117, ndipo 82 mwa iwo adali akugwirabe ntchito. Iwowa ndiwo ankasenza gawo lalikulu la ntchito ya mafupa m'dziko lonse, makamaka m'maboma. Taganizani, abale: akatswiri 9, ambiri a iwo m'mizinda, sakadafika ku Phalombe, ku Nsanje ndi ku Chitipa sabata iliyonse. Amene adaika chikhakha pa mkono wa kamnyamata kathu kaja sadali mlendo. Adali Mmalawi, wophunzira wa ophunzira a mlendo.

5. Ntchito ikula mizu

Zaka zotsatira zidaonjeza nthambi pa tsinde limeneli. Sukulu ya udokotala, College of Medicine, idatsegulidwa ku Blantyre mu 1991. Kuyambira 2021 ili gawo la Kamuzu University of Health Sciences. Mu 1996 Chris Lavy, dokotala wa mafupa, adasiya ntchito yake ku London nabwera kudzakhala m'Malawi kwa zaka zingapo. Iye adalimbikitsanso maphunziro a akulu oona za mafupa, nathandiza kuti chipatala cha Beit CURE chitsegulidwe ku Blantyre mu 2002, kumene ana olumala amachitidwa opaleshoni kwaulere. Mu 1999 maiko a kuvuma, pakati ndi kumwera kwa Africa adakhazikitsa COSECSA, sukulu yopanda mpanda imene imayesa ndi kuvomereza madokotala a opaleshoni ophunzirira m'zipatala za kwao komwe. Mu 2002 Malawi adayamba kusula akatswiri ake a mafupa, mmodzi kapena awiri pa chaka. Ku Lilongwe, ubale wa zaka zambiri pakati pa chipatala cha Kamuzu Central ndi chipatala cha Haukeland cha ku Bergen, m'dziko la Norway, udabala chipatala chapadera cha mafupa ndi ubongo chotchedwa LION, chimene chidayamba ntchito mu 2023.

Chitsanzo chooneka bwino cha mzimu umenewu ndi cha ana obadwa ndi mapazi opindikira mkati, vuto limene limagwera mwana mmodzi kapena awiri mwa ana 1,000. Kale ankadikira opaleshoni yaikulu. Koma Ignacio Ponseti, dokotala wa ku Spain amene adagwira ntchito ku Iowa m'dziko la America, adapeza njira yofatsa: phazi la khanda amaliongola pang'ono ndi manja sabata iliyonse nkuliika m'chikhakha, kasanu kapena kasanu ndi kamodzi; kenaka amadula pang'ono mtsempha wa kuchidendene, ndipo mwanayo amavala nsapato zolumikizidwa ndi kachitsulo, poyamba usana ndi usiku, pambuyo pake usiku wokha, mpaka zaka 4 kapena 5. Kafukufuku wa ku Blantyre wofalitsidwa mu 2005 adaonetsa kuti akulu oona za mafupa achimalawi angathe kuigwiritsa bwino ntchito njirayi. Apa mwambi uja wa kuongola mtengo udasanduka mankhwala enieni.

Nayo poliyo idagonja kwa katemera, kotero kuti MAP idasintha dzina nkukhala Malawi Against Physical Disabilities. Mu 2020 Africa idalengezedwa kuti yathana ndi poliyo yachilengedwe. Koma mu February 2022 boma lidalengeza kuti mwana wina ku Lilongwe wapezeka nayo, woyamba m'dziko muno chiyambire 1992. Chimenechi ndi chenjezo kwa aliyense woyesa katemera chinthu chamasewera.

6. Poyang'anira ku Phalombe

Anthu a ku Phalombe, amene pa kalembera wa 2018 adapitirira 400,000, ali ndi chifukwa chapadera chodziwira kufunika kwa nkhaniyi. Pa 10 March 1991 madzi, matope ndi miyala ikuluikulu zidatsika m'phiri la Michesi, chimene makolo amachitcha Napolo, ndipo anthu mazanamazana adafa. M'mwezi wa March 2023 namondwe wa Freddy adachitanso zomwezo m'maboma a kumwera, Phalombe ndi Mulanje ali m'gulu la okanthidwa koposa, ndipo m'dziko lonse anthu oposa 1,000 adafa kapena kusowa. Pa ngozi zotere opulumuka ambiri amakhala othyoka miyendo ndi manja, mabala atadzaza matope, pamene misewu ndi milatho zakokoloka. Thandizo lochokera kutali limafika ndithu, ndipo timaliyamika, koma limafika patapita masiku. Maola oyamba, amene bala limatsukidwa kapena kuyamba kuola, ali m'manja mwa iwo amene amakhala pomwepo.

Ngakhale popanda Napolo, mtundu wa ovulala wasintha. M'malo mwa poliyo tili ndi njinga zamoto za kabaza, zonyamula anthu atatu kapena anayi opanda zipewa zoteteza mutu. Tili ndi malole odzaza anthu pa tsiku la msika. Tili ndi ana ogwa m'mitengo nyengo ya mango, ndi makanda ogwera pa moto m'miyezi yozizira, amene zipsera zao zimakoka zala ndi zigongono. M'zaka zaposachedwapa boma lamanga chipatala chachikulu ku Migowi, chotchedwa John Chilembwe, chimene chapepuza katundu amene Holy Family idasenza nthawi yaitali. Koma nyumba sichiza munthu. Funso likadali lomwe lija la 1985: kodi muli manja ophunzitsidwa, ndipo kodi manjawo ali ndi chikhakha, mankhwala ndi wina wowalangiza?

Tisabise zofooka. Mwa anthu 117 aja, 35 sadalinso pa ntchito pofika 2008. Mkulu woona za mafupa sangachite maopaleshoni onse. Munthu wothyoka ntchafu, amene kwina akadamuika chitsulo m'fupa nkuyamba kuyenda patapita masiku ochepa, m'zipatala zambiri za m'maboma amagona masabata 6 kapena kuposa mwendo uli chokokedwa, munda wake ukumera thengo. Ndipo munthu wogwira ntchito yekha zaka zambiri, wopanda womuyendera, luso lake limazilala. Choncho alendo odzipereka akufunikabe, koma ntchito yao yoyamba tsopano ndi kuphunzitsa, kuyendera ndi kulimbikitsa, osati kulanda mpeni m'manja mwa mwini dziko.

7. Kulingalira mwa nzeru ndi mwa chikhulupiriro

Tomasi Woyera wa ku Aquino, pofotokoza za chisamaliro cha Mulungu, amaphunzitsa kuti Mulungu amayendetsa zinthu zapansi kudzera mwa zolengedwa zina, osati chifukwa mphamvu zake nzoperewera, koma chifukwa ubwino wake ngwosefukira, kotero kuti amagawira zolengedwa ulemu wokhala nazonso zochititsa. Mfundo imeneyi njozama. Wopatsa wamkulu sapatsa chinthu chokha. Amapatsa mphamvu yoti wolandirayo akhalenso wopatsa. Dokotala wochiza ana 100 wachita zabwino. Dokotala wophunzitsa anthu 10 amene adzachiza ana kwa zaka 30, nadzaphunzitsanso ena, watsanzira kapatsidwe ka Mulungu mwini. Njira yachiwiriyi imalira kudzichepetsa, chifukwa wophunzitsa amayenera kuima pambali, manja ali kumbuyo, kuyang'ana wophunzira akuchita mochedwa chimene iye akadachita msanga, ndipo mayi wa mwana wochirayo sadzadziwa ndi dzina lake lomwe.

Eklezia adaidziwa mfundoyi pa mbiri yake yomwe. Papa Benedikto XV, m'kalata yake ya *Maximum Illud* ya 1919, adalamula amishoni kuti asule ansembe a eni dziko, ophunzira mokwanira, osati ongothandizira. Chipatso chake kuno kwathu ndi Bambo Cornelio Chitsulo, amene adadzozedwa unsembe mu 1937, ndipo patapita zaka 20 adakhala episkopi woyamba wachimalawi, ku Dedza. Papa Pio XI mu 1931 adaphunzitsa kuti nkulakwa kuti wamkulu alande ntchito imene wamng'ono angathe kuichita yekha. Papa Paulo VI, ali ku Kampala mu 1969, adauza Aafrika kuti nthawi yakwana yoti akhale amishoni a iwo eni. Ndipo maepiskopi a AMECEA mu 1973 adasankha njira ya miphakati kuti Mpingo ukhale wodzitumikira, wodzifalitsa ndi wodzidalira. Tsono zimene Blair adachita m'chipatala ndi zomwe amishoni anzeru adachita m'seminale. Ife ansembe achimalawi ndife abale a akulu oona za mafupa aja: tonse ndife manja otsala mlendo atapita.

Malembo Oyera akutiunikiranso. Pa thamanda la Betesda, m'mutu 5 wa Yohane, dandaulo la munthu amene adadwala zaka 38 silidali lakuti madzi ochiza kulibe. Adadandaula kuti alibe munthu womuviika. M'mutu 2 wa Marko wofa ziwalo adafika kwa Yesu chifukwa anzake anayi adamnyamula, nasasula denga. M'mutu 3 wa Ntchito za Atumwi, Petulo sadaponyere wopunduka ndalama kuti mawa adzapemphenso pa khomo lomwelo. Adamgwira dzanja namuimiritsa, ndipo munthuyo adalowa m'Nyumba ya Mulungu ndi miyendo yake. Pa nkhani zitatuzi chosowa chachikulu ndi munthu wapafupi.

Tiyeneranso kudziyang'ana. Buku la malamulo a Eklezia la 1917 linkaika chilema cha thupi pakati pa zoletsa munthu kulandira unsembe, ngati chikadamlepheretsa kutumikira pa guwa moyenera. Lamulo limeneli silipezekanso m'buku la 1983. Koma maganizo amachedwa kusintha kuposa malamulo. Tikamaganizabe kuti wolumala ndi wongolandira zachifundo, osati mkhristu woyenera kuwerenga Mau, kutsogolera mphakati kapena kulowa seminale, ndiye kuti fupa lokhota lili mwa ife.

8. Zotsala kwa ife

Kodi wansembe wa pa parishi ya kumudzi angachitepo chiyani, popeza si dokotala? Ndikuona zinthu zisanu.

Choyamba, ife ndi akatekisti athu timaona makanda ambiri pokonzekera ubatizo kuposa dokotala aliyense. Tiphunzire kufunsa za mapazi a mwana, ndipo tikapeza opindika timuuze mayi kuti apite kuchipatala sabata yomweyo, chifukwa pa msinkhu umenewo mankhwala ake aakulu ndi chikhakha.

Chachiwiri, tilalike momveka kuti kulumala si tchimo la mayi, si ufiti wa apongozi, ndipo si chilango. Ambuye adaikana kale nzeru imeneyi pa nkhani ya munthu wobadwa wakhungu, m'mutu 9 wa Yohane. Mabanja ambiri atha, ndipo nkhalamba zambiri zanamiziridwa, chifukwa cha phazi limene likadaongoka m'miyezi iwiri.

Chachitatu, ana ambiri amalekera panjira chithandizo chifukwa chosowa ndalama yoyendera sabata ndi sabata. Mutu umodzi susenza denga. Mphakati umene umasonkha pa maliro ungathenso kusonkha kuti mwana ayende.

Chachinayi, tilankhule ndi anyamata a kabaza, amene ambiri ndi akhristu athu, za lamulo lachisanu: kuthamanga mosasamala, kuledzera ndi kunyamula anthu mopyola muyeso ndi nkhani ya chikumbumtima. Ndipo tiyang'ane masitepe a matchalitchi athu ndi maso a gogo uja wokhala kukhomo.

Chachisanu, polankhula za maitanidwe tisatchule unsembe ndi usisitere zokha. Mtsikana kapena mnyamata wa ku Mpasa amene aphunzira za mafupa nabwerera kudzatumikira kwao wayankha kuitana kwa Mulungu. Zipatala za mipingo, zimene zili pansi pa bungwe la CHAM, zimasenza pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a ntchito ya umoyo m'dziko muno; tsono ife amene timakhala m'makomiti ake, tikalandira alendo odzipereka, tiziwafunsa mwaulemu kuti: kodi mudzaphunzitsa yani, ndipo mukapita adzayang'anira odwalawa ndani?

Mau Otsiriza

Makolo omwe adati mlendo ndi mame adatinso mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa. Miyambi iwiriyi sikutsutsana. Mlendo amabweradi ndi nzeru imene pamudzi padalibe, ndipo sakhalitsa. Mbiri ya ntchito ya mafupa m'Malawi, kuchokera ku MAP mu 1979 mpaka ku zipatala za lero, ikutionetsa kuti alendo amene ntchito yao idakhalitsa ndi amene adasiya kalumoko m'manja mwa eni mudzi, atawaphunzitsa kunola kwake.

Inu abale a m'seminale, posachedwa mudzatumidwa ku maparishi kumene inunso mudzakhala alendo, zaka zitatu kapena zisanu, kenaka kalata ya Ambuye Episkopi idzakusamutsani. Muyeso umene tayesera madokotala aja udzakhalanso wanu. Gogo wa kukhomo uja chithandizo chidamchedwera, ndipo tili naye ngongole ya malo oyenera m'nyumba ya Atate ake. Mdzukulu wake adachira chifukwa munthu wina, zaka 40 zapitazo, adalolera kuphunzitsa m'malo mochita zonse yekha. Tipemphe Mulungu kuti pa tsiku lathu losamuka adzapezeke akhristu odziwa kugwira ntchito imene tinkagwira, ndi okonzeka kuiphunzitsanso kwa ena.